Ku Joni Si Maola Awiri ndi Theka

Chintheche,
Lachiwiri masana.

Lusungu mwana wanga,

Ngati wandimvera, ukuwerenga kalatayi ndege itanyamuka kale, lamba uli m'chiuno, Lilongwe yatsala pansi. Ngati waitsegula uli m'minibasi chifukwa cha chidwi chako chija, ndiye kuti sunasinthe chiyambire uli wamng'ono, ndipo ndikukupempha kuti uyipinde, uyibwezere m'chikwama mpaka ukakwere. Ndili nacho chifukwa. Ndikufuna uwerenge uli pamalo poti sungauze dalaivala kuti aime utsike.

Ndikulemba ndili pakhonde. Iwe ndi amayi ako mwapita kumsika kukafuna loko wa sutikesi, ndipo amayi akowo ndimawadziwa, sabwerako asanakangane mtengo ndi ogulitsa onse a pa Chintheche. Choncho nthawi ndili nayo, koma mphamvu ndiyo yochepa. Ukaona zilembo zikupendama usadabwe, ndikulemba mopumira. Ndikulembanso m'Chichewa, ngakhale pokukalipira ndimakukalipira m'Chitonga, chifukwa dzanja langali linaphunzira kulemba m'Chichewa kusukulu ndipo linakana kuphunzira china.

Ndiyambe ndi cholemeracho kuti ndichitule. Ndikudwala, Lusungu. Miyendo yotupa imene unaiona ija si nsapato zothina monga anakuuzira amayi ako. Ndi mtima. Adokotala a ku Mzuzu akuti wakula ndiponso watopa, sukupopanso magazi ngati kale, n'chifukwa chake madzi akudzaza m'miyendo, ndipo tsiku lina adzafika m'chifuwa. Mankhwala ndikumwa, mchere ndinasiya, moti kondowole ndikumudya ndi ndiwo zozizira ngati wandende. Nditafunsa kuti kwatsala nthawi yaitali bwanji, anati sangadziwe, ena amatha zaka, ena satha ndi chaka chomwe. Poyankhapo ankayang'ana pepala, osati ine.

Tinakhala pansi atatu, ine, amayi ako ndi bambo ako aang'ono a Yotamu, n'kugwirizana kuti iwe usauzidwe mpaka utamaliza chaka choyamba cha maphunziro akowo. Amayi ako anati mwayi wa sukulu wotere subwera kawiri, ndipo mwanayu akamva sanyamuka. A Yotamu anati ndi mmene timachitira, wapaulendo sasenzetsedwa matenda a kumudzi. Ine ndinavomera ndi pakamwa. Ndipo ndikanasunga panganolo pakanapanda zimene unanena Lamulungu titabwera kutchalitchi.

Unandionetsa pafoni pako kamzere kochoka pa bwalo la ndege la ku Lumbadzi kukathera pa bwalo la ku Joni, ndi manambala a makilomita pambali pake. Unati, "Ada, musadandaule, si kutali. Ndi maola awiri ndi theka basi. Kupita ku Mzuzu n'kubwerako n'kutali." Ndinaseka, iwenso unaseka. Koma mumtima ndinazizidwa, chifukwa mawu amenewo ndi anga. Ndinawanena zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ndiwo anandimana amayi anga. Nkhaniyi umangoidziwa pamwamba, kuti bambo ako anafika mochedwa pamaliro a agogo ako a NyaManda. Lero ndikuuza mmene munthu amachedwera, chifukwa sachedwa tsiku limodzi.

Ulendo wanga woyamba wa ku Joni ndinapita pa basi, iwe usanabadwe. Masiku atatu, mwana wanga. Kutentha kwa ku Tete, mizere ya m'malire, Zimbabwe yense kumudutsa utakhalira thako limodzi chifukwa mnzako wapambali wanyamula thumba la mpunga pamiyendo. Potsika unkayenda ngati nkhuku yomwe angoimasula miyendo. Mtunda umenewo ndinaudziwa ndi msana wanga, ndipo ndinkauopa. Chifukwa chouopa ndinkaukonzekera. Ikangokwana Seputembala ndinkayamba kupempha tchuthi, kugula zinthu pang'onopang'ono, ndipo Disembala aliyense ndinkakhala ndili pano. Sindinaphonye ndi kamodzi komwe. Mumzere wa ana athu, dziwerengeni nonse, munabadwa cha mu Seputembala, ndiye usandifunse zambiri.

Kulakwa kwanga koyamba kunabwera ndi chifundo cha munthu. Ndinapeza ntchito pa banja lina la azungu, poyamba m'gadeni, kenako kukhitchini atazindikira kuti ndimatha kuphika. Adona a pamenepo anali munthu wabwino, sindingawanenere choipa. Tsiku lina ndinabwera kuchokera kuno ndikutsimphina ndi ulendo wa basi, iwo n'kundifunsa chimene ndimadzizunzira chotere. Anatenga mapu, n'kuyika chala china pa Joni china pa Lilongwe, n'kundiuza kuti kukadzagwa vuto lililonse kwanu tidzakukweza ndege, udzadya kadzutsa kuno, chamasana kwanu. Ndinathokoza mpaka kuwomba m'manja. Kuyambira tsiku limenelo kwathu kunandiyandikira m'mutu, ndipo ndinasiya kupitako. Disembala wotsatira kunabwera alendo awo, wophika ankafunika, ndinati ndidzapita pa Pasaka. Pasaka atafika ndinati basi n'njotopetsa, ndidikire Disembala. Amayi ako akadandaula ndinkawayankha kuti vuto n'chiyani, kukachitika kanthu ndi maola awiri ndi theka basi. Umawadziwa anthu okhala kuseri kwa tchalitchi chathu, ndi amene amalowa nyimbo yachiwiri ili mkati, pamene oyenda pansi kuchokera cha ku Kande amafika belu lisanalire. Ine ndinasanduka wa kuseri kwa tchalitchi. Ndege imeneyo sindinaikwerepo n'kamodzi komwe m'zaka zonsezo, koma ndiyo inandikhazika ku Joni.

Kulakwa kwachiwiri n'kwakuti bodza la matenda ndinaliphunzitsa ndine pabanja pano. Chaka china m'nyengo yozizira chibayo chinandigwira, ndinagona milungu iwiri m'kachipinda kanga kuseri kwa galaja. Amayi ako ataimba foni ndinadzuka, n'kutsamira khoma, n'kuyankha mwamphamvu kuti nde umampha, ndili bwino zedi. Chifuwa chikabwera ndinkatseka foni ndi pilo. Ndinkaona ngati ndikuchita zachimuna. Pambuyo pake ndinadzawafotokozera ngati nthabwala, iwo sanaseke. Anangoti, chabwino, tadziwa mmene tiziyankhulirana. Ndiye lero akamakubisira, usawaone ngati anthu oipa. Anaphunzira kwa mphunzitsi wabwino. Ndipo iwenso, Lusungu, ukadwala kumeneko unene. Ukasowa chakudya unene. Usatitumizire zithunzi zomwetulira uli ndi malungo.

Kulakwa kwachitatu ndiko kumandidzutsa mpaka lero. Masiku amenewo foni pabanja pathu inali imodzi, ya a Yotamu. Agogo ako a NyaManda anali munthu woti akamva kuti ndine ndaimba ankalanda foniyo m'manja mwa aliyense, n'kumakuwa ngati mawu awo ayenera kufika ku Joni okha popanda foni. Ankandifunsa ngati ndikudya, ngati azunguwo ali ndi chinangwa, ngati sindinakwatire Mzulu. Ndiye kunabwera nthawi yomwe anasiya kubwera pafoni. Ndikaimba, a Yotamu ankati apita kudambo kukaviika chinangwa. Mlungu wina akuti ali kumaliro. Mlungu wina agona, tisawadzutse. Miyezi itatu, mwana wanga, osamva mawu a amayi anga. Usaganize kuti sindinazindikire. Ndinazindikira bwinobwino. Koma kufunsa kukanatanthauza kunyamuka, ndipo ine sindinkafuna kunyamuka, choncho ndinkangoti muwapatse moni, n'kudula. Safunsa adadya phula, koma wa m'mwambiyo n'ngwabwinoko chifukwa sankadziwa. Ine ndinkadziwa.

Kuno nako anali ndi nzeru zawo. Ndinazimva pambuyo pake. Ankati akauzidwa msanga abwera kudzakhala miyezi, ntchito imuthera, ndipo tonse timadya pa ntchito imeneyo. Ankatinso, nanga si ali ndi ndege, tidzamuuza zikafika povuta, adzafika tsiku lomwelo. Waona? Ine ndinatsamira ndege ija uko, iwo anaitsamira kuno. Tonse tinkawerenga mtunda wa pakati pa mabwalo awiri, ngati ine ndinkagona pa bwalo la ku Joni, amayi anga n'kumagona pa bwalo la ku Lumbadzi.

Foni inalira Lolemba m'mawa ndikusenda mbatata. A Yotamu anangoti, "Akulu, nyamukani lero." Adona anasunga mawu awo, anasiya zonse n'kuyamba kufunsa za tikiti. Ndinathamangira kuchipinda kukatenga pasipoti pansi pa sutikesi, ndipo nditaitsegula ndinapeza kuti inatha ntchito miyezi inayi yapitayo. Munthu wosayenda sayang'ana pasipoti. Ndinayenera kukapempha chikalata choyendera ku ofesi ya dziko lathu, ndipo zithunzi, mafomu ndi mzere zinadya Lolemba lonse ndi Lachiwiri. Mlandu sunali wawo, unali wanga. Lachitatu ndege inali yodzaza. Ndinakwera Lachinayi.

Ndipo sananame ayi. Ndinali ndi wotchi pamkono, ndinkaiyang'ana kuyambira pomwe matayala anachoka pansi mpaka pomwe anagundanso pansi. Maola awiri ndi theka ndithu, mwina kuperewera pang'ono. Anatipatsa chakudya m'kathireyi, ine n'kuchisiya. Kabanzi kokha ndinakakulunga m'kapepala n'kuika m'thumba la jekete, ndikuti amayi akalaweko mkate wa m'ndege, akauze anzawo. Pawindo ndinkaona mitambo yoyera ili pansi panga, ndipo ndikuulule, kamtima kena kankakondwa kuti lero ine mwana wa NyaManda ndakwera ndege.

Titatera ndi pomwe ulendo unayambira. Inali nyengo ngati inoyi, mvula ili pakati. Kuchoka pabwalo kufika pamsewu, kudikira minibasi ya ku Salima kuti idzaze, ku Salima kudikira ina ya ku Nkhotakota. Titapitirira Nkhotakota tinapeza galimoto zandanda, madzi atadula msewu pamlatho wina chakufupi ndi Dwangwa. Tinagona pomwepo pakhonde la golosale. Kutacha tinawoloka pansi, buluku lili m'mawondo, sutikesi ya ku Joni ili pamutu, n'kukakwera lole tsidya linalo. Ndinatsika pa siteji yathu ino Lachisanu dzuwa lili pamutu. Kuchokera Lolemba m'mawa kufika Lachisanu masana, werenga wekha, ndiwe wamasamu.

Ndili pamsewu ndinaona kale kuti pabwalo pathu pali mphasa zambiri zoyanikidwa, ndi azimayi akusesa phulusa pomwe panali mafuwa. Kunalibe kulira. Pamenepo ndinadziwa zonse. Anamwalira Lachitatu, ndipo ndi kutentha kwathu kuno sakanawasunga. Anaikidwa Lachinayi masana, nthawi yomwe ine ndinkasirira mitambo ija. A Yotamu ananditengera kumanda, dothi linali litatitimira kale ndi mvula. Ndinaima pamenepo ndi kabanzi kanga m'thumba, konyowa.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndinachimva kwa amayi ako, amene ankawadwazika. Lolemba lomwe lija anawauza agogo ako kuti mwana wanu wanyamuka, akubwera pa ndege, ndi maola awiri okha. Iwo anapempha kuti awasambitse, awamange duku labwino, awatsamiritse moyang'ana pakhomo. Galimoto ikangoima pamsewu ankafunsa kuti, "Ndi wa ndege uja?" Anafunsa Lolemba madzulo, anafunsa Lachiwiri lonse. Lachitatu anasiya kufunsa. Akanawauza kuti akubwera pa basi, masiku atatu, mwina akanadziwa kapiriridwe kake. Koma anawauza kuti maola awiri, ndiye anamwalira akudziwa kuti maola awiri anakwana kalekale ndipo mwana wawo sanabwere.

Ndinawagwira pakhosi a Yotamu kuseri kwa nyumba, ine mkulu wawo, wovala jekete la ku Joni. Ndinawafunsa chimene anandibisira miyezi yonseyo. Sanalimbane nane. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Mukanafunsa." Ndinawasiya.

Ndipo iwe unalipo tsiku limenelo, kaya ukukumbukira. Ndinakusiya uli ndi zaka ziwiri, ndinakupeza uli ndi zisanu ndi zitatu. Amayi ako atakuitana kuti udzandipatse moni, unagwada patali ndithu, manja pamodzi, monga tinkachitira kwa abusa ochokera kwina. Utatha unafunsa amayi ako monong'ona ngati mlendoyu agona pano. Sindinabwererenso ku Joni. Anthu ankati Chirwa wapenga, kusiya ntchito ya kukhitchini kudzalima chinangwa pamchenga. Mwina ndinapengadi. Koma ndinali nditawaona matchona anzanga, amuna a kuno komwe, mmene amabwerera pomaliza, m'bokosi, pa ngolo yokokedwa ndi galimoto, ana awo akulira munthu amene samudziwa.

Tsopano tamvera, chifukwa ndatopa ndipo cholemberachi chayamba kulemera.

Usatsike ndegeyo ndi maganizo obwerera. Sukulu imeneyo ukaimalize. Ukaisiya chifukwa cha ine ndiye kuti wandipha kawiri, ndipo amayi ako adzandiimba mlandu ndili m'manda, ukuwadziwa, sadzatopa. Maphunziro ako a za madzi amenewa ndinawadikira kuyambira tsiku lomwe unabwera ndi malipoti a Fomu 2. Sindinakuuze za matendawa kuti ukhale. Ndakuuza kuti uwerenge bwino mtunda.

Kamzere ka pafoni kaja kasiye. Mtunda wako uziwerenga kuyambira pakhomo la chipinda chako mpaka pakhonde lino. Ikamo tsiku lopempha chilolezo kusukulu. Ikamo tsiku lomwe ndege idzakhale yodzaza. Ikamo minibasi yosanyamuka isanadzaze, Salima, Nkhotakota, Dwangwa, mabowo a pamsewu, mvula, mlatho. Zonse zikayenda bwino ndi masiku awiri. Zikavuta ndi anayi kapena asanu. Ndiye uzidziuza kuti kwathu ndi ulendo wa masiku asanu, ndipo uziuopa monga ndinkauopera ulendo wa basi. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, mwana wanga. Matenda angawa anayamba kale kuthamanga, iwe usadikire kuti akuitane.

Pasipoti uziyang'ana tsiku loyamba la mwezi uliwonse, ngakhale ukudziwa kuti ili bwino. Chilolezo chako cha sukulu chimodzimodzi. Ndalama za tikiti uzikhala nazo padera, pomwe sungazikhudze ngakhale nsapato za m'sitolo zikuitane ndi dzina. Anthu akwathu kumeneko adzakupeza, Atonga timanunkhizana, ndipo ndi anthu abwino, adzakudyetsa kondowole tsiku lomwe udzamusowe mpaka kulira. Koma ukamabwera kuno aliyense adzakhala ndi kaphukusi koti ukapatse amayi ake. Usanyamule chomwe sunachitsegule wekha, ngakhale wokupatsayo akhale mkulu wa mpingo. M'matakisi a kumeneko usamayankhule mokweza, pali masiku ena omwe kukhala mlendo kumakhala mlandu. Kuzizira kwake n'koluma mafupa, gula juzi usanayambe kunjenjemera. Zina zonse uli nazo nzeru kuposa ine.

Koma ichi ndicho chachikulu. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi uziimba foni, ndipo usadule usanamve mawu anga. Osati moni wodzera mwa amayi ako, osati uthenga wolemba, chifukwa wolemba aliyense angalembe. Mawu anga enieni. Undiyankhulitse kwa kanthawi, undifunse za chinangwa, za mpira, undikwiyitse ngati ungathe, n'kumamvetsera mpweya wanga pakati pa mawu. Amayi ako akakuuza kuti ndagona, uwauze andidzutse. Akati ndapita kunyanja kukagula usipa, dziwa kuti kunyanja ndinasiya kupita mwezi wa Novembala, mchenga umandithetsa mpweya. Akati ndili kumsonkhano wa akulu a mpingo, imbanso pakatha ola. Lamulungu limodzi likadutsa osandimva, Lolemba uyambe ulendo. Usafunse a Yotamu ngati kuli koyenera kubwera, adzakuuza kuti ndili bwinoko ndipo ndamwa phala. Adzanena mokukonda, monga ananenera kwa ine. Ngakhale ineyo ndikadzakuuza kuti usavutike, usadzandimvere. Ndimadzidziwa, tsiku limenelo ndidzachita manyazi n'kunama. Mvera wa lero, amene akulemba mutu uli bwino.

Amayi ako usawakalipire. Akadziwa kuti ndakulembera izi andikwiyira mlungu wathunthu, ndipo ndi ufulu wawo. Zimenezo ndithana nazo ndekha, ndazolowera. Anachoka kwawo ku Ntcheu ali mtsikana kudzaphunzitsa kuno, anakulerani okha zaka zonse zomwe ine ndinkaphikira ana a eni, anadwazika apongozi awo mpaka kuwatseka maso. Tsopano akudwazika ine, ndipo amalirira kubafa poganiza kuti sindimva. Ukaimba uziwafunsanso za iwo eni, ngati akudya, ngati akugona.

Za maliro ndanena kale kwa a Yotamu, ndipo ndikubwereza kwa iwe kuti pasadzakhale mkangano. Zikadzachitika iwe uli kutali, asadzandisunge mufiriji kuchipatala kudikira ndege. Adzandiike mawa lake, pafupi ndi amayi anga, monga timachitira. Iwe usadzathamange, usadzawoloke mitsinje yodzaza chifukwa cha mulu wa dothi. Ndinauona mulu wa dothi, suyankha. Ngati uli ndi ulendo umodzi wokha m'manja mwako, ndikufuna uwuyende ndili moyo, ndikutha kukuona ukutsika pa siteji, n'kukunena kuti waonda ndipo tsitsi lakolo ndi la mtundu wanji.

Ndili ndi mantha, Lusungu. Kwa amayi ako sindinena, kwa abusa ndimayankha zoyenera mkhristu. Imfa yeniyeniyo sindiiopa kwambiri, ndatopa mokwanira. Chimene ndikuopa ndi kutsamiritsidwa moyang'ana pakhomo n'kumamvetsera galimoto. Ndinachititsa munthu zimenezo, ndipo ndikudziwa kuti ndikanayenera kuzilandira. Koma ndikukupempha, ngakhale sindiyenera, usandibwezere.

Unakhumudwa nditakuuza kuti sindikuperekeza ku Lilongwe. Ndinati chinangwa chili m'madzi chingaole, iwe n'kunena kuti chinangwa chaposa mwana. Chinangwacho amayi ako anavuula dzana. Zoona zake n'zakuti adokotala anandiletsa ulendo wautali wa minibasi, akuti kukhala chopinda miyendo tsiku lonse kungandigwetse panjira. Ndinkafunitsitsa kukaima pawindo lija la pabwalo n'kuona ndege yako ikukwera. Koma kwa ine tsopano ngakhale Dwangwa ndi kunja kwa dziko. Mawa ndidzayenda nawe mpaka pamsewu, ndipo ndidzaima chilili mpaka minibasi itakhota. Ngati unandiona ndikuseka ndi kondakitala, dziwa kuti ndinayeserera pakhonde pano masiku atatu, kuyenda kukafika pa mtengo wa mango n'kubwerera, kuti ndisakapumire pamaso pako.

Ndamva mawu a amayi ako kumsewu, akutsanzikana ndi wina, ndiye ndili ndi mphindi khumi kapena makumi awiri. Ndimalize.

Tchuthi chanu chachikulu choyamba unati chili mu Juni. Nthawi imeneyo mvula idzakhala itatha, msewu utauma, mpunga wa ku Limphasa uli watsopano. Ubwere. Usadikire kumva kuti zavuta, usanene kuti Disembala ali pafupi. Anzako adzakhala ndi mapulani, aphunzitsi adzakhala ndi kantchito kabwino koti ugwire patchuthi, ndipo zonse zidzakhala zomveka, monga zinalili zanga. Uwauze kuti bambo anga ndi munthu wovuta.

Ukatera, ukapeza katundu wako, ukafika pogona, lira ngati ukufuna kulira, kenako utsegule kalendala ya sukulu yanu. Lamulungu loyamba ukadzaimba, usadzayambe ndi kundifunsa mmene ndikumvera. Udzandiuze tsiku. Osati mwezi, osati "cha m'katikati mwa Juni", koma tsiku lenileni ndi dzina lake, lomwe udzatsike pa siteji ino. Ndidzalilemba pakhoma pafupi ndi bedi, ndipo m'mawa uliwonse ndizidzamwa mankhwala owawawa ndikuliyang'ana. Sindikulonjeza kuti ndidzafika. Koma ndine munthu woti akandiuza pokatulira katundu ndimalimba, ndipo ndidzayesa ndi mtima wotopa womwewu.

Yenda bwino, mwana wanga. Mulungu akusunge kumene ine sindingafike.

Ndine bambo ako,
Chirwa